Kudya bwino pa chilumba cha Zanzibar: kuchokera ku Forodhani mpaka ku mabala a kugombe

Anzathu ambiri amene amakaoda katundu ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam amabwerako osawolokerako pa Zanzibar, chonsecho boti lothamanga limangotenga maola awiri basi. Ena amawoloka ndithu, koma pobwera amadandaula zinthu ziwiri zomwezomwezo: ndalama zinatha mosadziwika bwino, ndipo m'mimba munavuta. Zimandiwawa ndikamva choncho, chifukwa chakudya cha pachilumbachi n'chabwino kwambiri, ndipo mavuto awiriwa amapeweka. Chinsinsi chake n'chimene amayi athu amachita pogula chambo pamsika: nsomba uione ili yaiwisi, mtengo mumvane isanapite pamoto. Zina zonse zimene ndalemba pansipa zikungotsatira pamenepo.

1. Musanawoloke, konzani ndalama ndi wotchi

Sinthani ndalama zanu zikhale mashilingi a ku Tanzania mudakali ku Dar es Salaam kapena mukangofika mu Stone Town, tauni yakale ya pachilumbachi pamene boti limakocheza. Pepala lalikulu kwambiri kumeneko ndi la 10,000, koma yesetsani kukhala ndi ang'onoang'ono ambiri a 1,000 ndi 2,000, chifukwa ogulitsa zakudya m'misewu sakhala ndi chenji chokwanira. Makina otapira ndalama ndi ochuluka m'tauni, koma kumidzi ya kugombe ndi owerengeka, ndipo nthawi zina mumawapeza atatha ndalama. Malo ambiri amene amalandira khadi amaonjezerapo kangachepe pamwamba. Pasipoti ikhale pafupi, imafunidwa pofika padoko ngakhale mukuchokera ku Tanzania konko.

Wotchi yanu muyikankhire kutsogolo ndi ola limodzi. Komanso dziwani kuti Aswahili amawerenga nthawi kuyambira kutuluka kwa dzuwa. Pamene ife timati 7 koloko m'mawa, iwo amati saa moja, ola loyamba. Mwini malo odyera akakuuzani kuti mubwere "saa mbili usiku", akutanthauza 8 koloko madzulo. Njira yake ndi kungoonjezera 6 pa nambala imene mwamva. Ngati mwasungitsa tebulo, muuzeni akulembereni nthawiyo papepala kapena pa foni, muone ngati mukumvana.

2. Dziwani kuti mwafika kwa yani

Anthu a pa Zanzibar pafupifupi onse ndi Asilamu. M'malo odyera a eni dziko simudzapeza nkhumba kapena mowa, ndipo musavutike n'kufunsa. Mowa umagulitsidwa m'mahotela ndi m'mabala a alendo. Kuyenda mumsewu botolo lili m'manja n'kunyoza eni mudzi. Zovala zosambira zithere kugombe; mukamalowa m'tauni kapena m'mudzi kukadya, mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika. Kwa amayi athu izi si zachilendo, chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani yonse.

Mukafika m'mwezi wa Ramadhani, malo ambiri odyera a m'tauni amakhala otseka masana, ndipo kudya, kumwa kapena kusuta poyera anthu akusala n'kulakwa kwakukulu. Idyerani kuhotela. Koma dzuwa likangolowa, misewu imadzaza ndi zakudya za futari, zomasulira kusala, chinangwa ndi nthochi zophikira kokonati, phala lonunkhira tsabola, ndipo mukakhala aulemu pena amakuitanani kuti mukhale nawo pamkeka.

Moni asatsale. Kwa wamkulu mumati "shikamoo", iye amayankha "marahaba". Mnyamata woperekera zakudya mumuitane "kaka", mtsikana "dada", mayi wachikulire "mama". Kuliza mluzu kapena kuwomba m'manja poitana munthu n'kosayenera, monga mmene zilili kwathu kuno. Polandira mbale ndi podya, dzanja lamanja.

3. Tsiku loyamba idyani kumene akudya eni ake

Musathamangire kugombe ndi njala ya tsiku loyamba. Yambani mu Stone Town, masana, pamalo pamene mukuona ogwira ntchito m'maofesi ndi azimayi ovala mabuibui, mikanjo yakuda ya Chisilamu, ali pamzere. Amodzi mwa malo odziwika otere ndi Lukmaan, ku Mkunazini. Zakudya zimakhala zitayalidwa kuseri kwa galasi, inu mumangoloza. Apa ndi pamene mumaphunzira zinthu ziwiri: kakomedwe kenikeni ka chakudya cha Chiswahili, ndi mtengo umene mwini dziko amalipira. Mukaudziwa mtengo umenewo, kugombe simungapusitsike.

Itanitsani pilau kapena biriani. Pilau ndi mpunga wophikira limodzi ndi nyama ndi zonunkhiritsa, karafuu, mdalasini ndi hiliki, zimene zimalimidwa pachilumba pomwepo. Biriani amaphika mpunga padera, msuzi wokhathamira padera. Pali wali wa nazi, mpunga wophikira mkaka wa kokonati, umene munthu wozolowera Kilombero wa ku Karonga amaumva kukoma msanga. Ndiwo yake yesani pweza wa nazi. Pweza ndi kanyama ka m'nyanja yamchere ka miyendo 8, kopanda fupa. Akakaphika bwino kamafewa ngati nthutumba ya nkhuku yowiritsa nthawi yaitali. Amene sangagone osadya nsima afunse ugali, ngakhale kuti ndi wolimbirapo kuposa nsima yathu ya ufa woyera.

Mukadya pa Mkunazini, musachoke osalowa m'tchalitchi cha Anglican chimene chili pafupi pomwepo. Chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873, ndipo ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo anachokera m'madera a kunyanja kwathu, kudzera ku Nkhotakota ndi ku Kilwa. Ine ndinatulukamo nditakhala chete kwa nthawi ndithu.

4. Phunzirani mayina a za m'nyanja

Ife tinakulira chambo, usipa, kampango ndi mcheni, za m'madzi opanda mchere. Za kumeneko n'zina, ndipo menyu sakufotokozerani. Nguru ndi nsomba yaitali ya mnofu woyera, ya minga yochepa, yabwino kuyambira. Jodari ndi tuna, ija ena amaidziwira m'zitini, ya mnofu wofiirira, imauma msanga akaiwotcha mopitirira. Changu ndi imene imayandikirako kwa chambo pa kukula ndi kadyedwe, amaiwotcha yathunthu. Ngisi ndi m'bale wake wa pweza, amamudula timagudumu n'kukazinga. Kaa ndi nkhanu.

Mawu amodzi osokoneza Mmalawi ndi "kamba". Mukaona kamba pa menyu musaganize za kamba wathu wa chigoba uja, kapena kamba wa paulendo. Kumeneko kamba ndi tinyama tofiira topindika tija, ta ndevu zazitali, ndipo wamkulu wake wodula kwambiri amamutcha kambakochi. Kamba weniweni wa m'nyanja amamutcha kasa, ndipo ameneyo musadye ngakhale wina atakupatsani mwaulere kumudzi. Ndi woletsedwa, komanso nyama yake nthawi zina imakhala ndi poizoni wosatha ndi moto. M'mwezi wa March 2024, ku Pemba, chilumba chinzake cha Unguja (dzina la chilumba chachikulu cha Zanzibar), ana 8 ndi munthu wamkulu mmodzi anamwalira atadya kasa.

Ngati simunadyepo kamba, nkhanu kapena ngisi chibadwire, lawani pang'ono kaye, masana, muli pafupi ndi tauni. Matupi ena sagwirizana nazo. Mukamva kuyabwa pakhosi, milomo kutupa kapena kubanika, siyani pomwepo ndipo thamangirani kuchipatala osadikira kuti muone ngati zisintha.

5. Madzulo a pa Forodhani

Dzuwa likamapendeka, cha m'ma 6 koloko, pitani ku munda wa Forodhani, m'mphepete mwa nyanja moyang'anana ndi linga lakale la Ngome Kongwe. Mupeza anyamata akudumphira m'madzi kuchokera pakhoma, uku ophika ovala zoyera akuyala matebulo ndi kuyatsa nyali. Utsi wa makala ukayamba kukwera, malo onse amasanduka msika wa zakudya.

Musagule patebulo loyamba. Zungulirani kaye msika wonse manja ali m'thumba, ndipo aliyense wokuitanani mumuyankhe "asante, nitarudi". Mukuyang'ana chiyani? Pamene paima mabanja a eni dziko ndi ana awo. Mudzaona kuti ambiri a iwo sali pa matebulo ataliatali odzaza timitengo ta nsomba, kamba ndi pweza. Ali pa msuzi wa urojo, pa kanyenya wa mishkaki ndi pa madzi a mzimbe.

Chifukwa chake n'chakuti zambiri za pa matebulo okongolawo zimakhala zophikidwa kale, amangozitenthetsa pamoto mukaloza. Simungadziwe kuti zakhala panja kwa maola angati m'dziko lotentha chonchija, ndipo nsomba ikadulidwa n'kupakidwa zokometsera simungaizindikire mtundu wake. Ine lamulo langa pa Forodhani ndi ili: ndimadya chokhacho chimene chaphikidwa kuchokera pa chiyambi ine ndikuona.

Urojo ndiye woyamba. Mayi amatenga mbale yakuya, n'kuduliramo mbatatesi yowiritsa, tizitumbuwa ta ufa wa nyemba totchedwa bajia, timipira ta mbatatesi tokazinga totchedwa kachori, ndi dzira lowiritsa mukafuna. Kenako amatunga msuzi wachikasu wowawasa, wa mango ndi mandimu, uli bwatabwata mumphika, n'kuthira pamwamba. Amamalizira ndi tchipisi ta chinangwa tokhukhuta, supuni ya kokonati wopera ndi kadontho ka tsabola. Ngati tsabola simumutha, nenani msanga kuti "bila pilipili", dzanja lake ndi lachangu. Msuziwo umakhala pamoto nthawi yonse, n'chifukwa chake ndimaudya mtima uli m'malo.

Chachiwiri ndi chimene amachitcha Zanzibar pizza, ngakhale sichifanana ndi pizza ya m'masitolo. Wophika amatambasula kamtanda ka ufa mpaka kupyapyala ngati pepala, amaikapo nyama yogaya, anyezi, tomato, tchizi pang'ono ndi mayonezi, n'kuswerapo dzira, kusakaniza, kupinda m'mbali, n'kuika pachiwaya cha mafuta. Zonse zimachitika pamaso panu. Mishkaki ndi kanyenya wa patimitengo. Sankhani amene nyama yake ikupita pamakala ili yaiwisi. Chakumwa chake ndi madzi a mzimbe, amene amafinya pa makina opukusa ndi manja pamodzi ndi jinja ndi ndimu. Nenani "bila barafu" kuti asaikemo ayezi.

Pa chilichonse, funsani "shilingi ngapi?" musanalole kuti chiikidwe m'mbale. Wina akaonjezera chapati, nthochi kapena saladi zimene simunapemphe, funsaninso, chifukwa zimenezo zimawerengedwa. Safunsa anadya phula.

6. Sankhani gombe molingana ndi madzi ndi dzuwa

Apa ndi pamene ife a kunyanja ya Malawi timadabwa. Nyanja yathu imakhala pamene ili tsiku lonse. Yamchere imadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Kugombe la kum'mawa, ku Paje, Jambiani ndi Matemwe, madzi akaphwa amathawa kutali zedi, n'kusiya mchenga ndi minda ya ndere za m'nyanja zimene azimayi a kumeneko amalima. Kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, madzi sathawa kwambiri, mumasamba nthawi iliyonse.

Izi zikukhudza kudya. Ngati mukufuna kumwa chakumwa chanu dzuwa likulowa m'madzi, pitani ku Kendwa, Nungwi kapena Michamvi Kae. Ku Paje ndi Jambiani dzuwa limatulukira kunyanja n'kukalowera kumtunda, choncho kumeneko chokoma ndi nkhomaliro pa nthawi imene madzi adzaza. Malo otchuka a The Rock ku Michamvi Pingwe anamangidwa pamwamba pa thanthwe: madzi akaphwa mumayenda wapansi, akadzaza amakuwolotsani pa boti. Matebulo ndi ochepa ndipo mitengo ndi yokwera, choncho sungitsani malo pasadakhale, mutaona kaye ndandanda wa madzi umene mahotela ambiri amapachika polandirira alendo.

M'miyezi ya March mpaka May kumagwa mvula yambiri ndipo mabala ena amatseka. Cha mu June mpaka September kumawomba mphepo ya kusi, yofanana ndi mwera wathu. Asodzi ena sapita kutali, ndipo madzulo kugombe la kum'mawa kumafuna kajuzi.

7. Pa bala ya kugombe: onani, yezetsani, mvanani

Mukamayenda pamchenga anyamata amakutsatirani ndi menyu m'manja, aliyense akutamanda malo ake. Ambiri amalandira kangachepe akabweretsa kasitomala, ndi ntchito yawo, musawakalipire. "Hapana, asante" wonena mukumwetulira ndi wokwanira. Malo musankhe nokha. Yang'anani ngati pali anthu akudya, ngati pali posamba m'manja, ndiponso ngati mitengo yalembedwa.

Mukakhala pansi, funsani kuti lero kwabwera nsomba yanji, kenako pemphani kuiona. Malo abwino sakana, amakubweretserani pa thireyi kapena kukutengerani kukhitchini. Iyeseni monga mumayesera chambo: maso akhale owala ndi otukumuka, osati olowa m'kati ndi otuwa, tsegulani m'mbali mwa mutu muja imapumira, mukhale mofiira, dinani mnofu ndi chala, ubwerere msanga. Fungo likhale la madzi a m'nyanja basi. Kamba wa mutu wakuda kapena woterera msiyeni. Kambakochi ndi nkhanu zabwino ndi zimene zikugwedeza miyendo.

Tsopano mtengo. Pa zinthu zodula, malo ambiri salemba mtengo wa mbale, amalemba wa magalamu 100, kapena amangolemba kuti mtengo ndi wa tsikulo. Tiyerekeze kuti palembedwa 9,000 pa magalamu 100. Kambakochi wa magalamu 800 ndiye kuti ndi 72,000, pamene inu m'mutu munali 9,000. Zinandichitikirapo pa bala ina kumpoto: tinali atatu, tinaitanitsa mbale yaikulu ya zam'nyanja zosakaniza titangomva nambala imodzi pakamwa, ndipo bilu itabwera tinapeza kuti nambalayo inali ya munthu mmodzi, mpunga ndi tchipisi zinali zapadera. Tinalipira, koma chakudya chimene chinakoma pakamwa chinasanduka chowawa mumtima. Kuyambira pamenepo ndimachita izi, ndipo inunso chitani: aike pasikelo inu mukuona, atchule mtengo wonse, anene ngati ndi wa mashilingi kapena madola, anene ngati mpunga, tchipisi ndi saladi zili momwemo, ndipo alembe nambalayo pakapepala kamene katsale patebulo panu. Woperekera zakudya woona mtima sakhumudwa nazo, zimamutetezanso iyeyo.

Kaphikidwe kake, ngati simukudziwa chosankha, nenani samaki wa kupaka. Amaiwotcha pamakala, n'kumaipaka msuzi wokhathamira wa kokonati, bwemba ndi chikasu mpaka utamatirira. Idyani ndi manja, ndi wali wa nazi.

Mukatero dekhani. Kukhitchini zambiri za kugombe amayamba kusonkha moto mukaitanitsa, ndipo ola lathunthu likhoza kutha. Itanitsani njala isanakupweteke. Ngati muli ndi ana, apezereni chipsi mayai, tchipisi tokazingira m'mazira, timene timapsa msanga. Njira ina yabwino ndi kupita m'mawa kukasankha nsomba, kumvana mtengo, n'kunena nthawi imene mubwere kudzadya.

8. Zakumwa

Madzi a pampopi musamwe. Gulani a m'botolo ndipo chitsekerero mutsegule nokha. Chothetsa ludzu kuposa zonse ndi dafu, kokonati wamuwisi amene amakusemerani pomwepo ndi chikwanje. Mukamaliza kumwa mubwezereni, akung'ambirani kuti mudye mnofu wofewa wa m'kati. Kwa okonda mowa alipo Kilimanjaro, Safari ndi Serengeti, komanso kachasu wa m'botolo wotchedwa Konyagi amene amalowa m'zosakaniza zambiri. Zosakanizazo n'zotsekemera, sizimveka mphamvu pakamwa, ndipo ndi kutentha kwa kumeneko zimagwira mofulumira kuposa mmene munazolowerera. Botolo lililonse la mowa litsatane ndi la madzi. Amene wamwa asalowe m'nyanja, makamaka usiku, chifukwa madzi akamadzaza amabwera ndi liwiro. Tambula yanu isakhale payokha mukapita kovina, ndipo mabala amene amatsitsa mtengo dzuwa likamalowa muwafunse kuti ndi zakumwa ziti, mpaka nthawi yanji.

M'mawa wina dzukani msanga mupite pa Jaws Corner m'kati mwa Stone Town, pamene azibambo amakhala pamakhonde kumwa kahawa, khofi wowawa, m'timakapu ting'onoting'ono, akuluma kashata wa mtedza kuti atsekemeretse. Perekani moni, khalani, mulipire ndi ndalama zachitsulo.

9. Kulipira ndi kubwerera kogona

Nenani "naomba bili". Ikabwera iwerengeni mzere ndi mzere, muifananize ndi kapepala kaja. Onani ngati aikamo kale ndalama ya utumiki. Ngati sanaikemo ndipo akusamalirani bwino, m'malo a alendo anthu amasiya pafupifupi 10 pa 100 iliyonse. Mupatseni m'manja amene amakutumikiraniyo. Kwa mayi wa urojo sikofunika, kungosiya chenji chaching'ono n'kokwanira. Polipira ndi khadi, makina abwere patebulo ndipo muone nambala musanadine.

Za ulendo wobwerera muzikonze musanayambe kudya. Madaladala, maminibasi a kumeneko, amasiya kuyenda kukada, ndipo kuchoka ku Nungwi kapena ku Paje kufika m'tauni ndi ulendo woposa ola limodzi. Mvanani ndi wa takisi mtengo wopita ndi kubwera, mutenge nambala yake, ndipo ndalama yobwerera mumupatse akakufikitsani. Ngati munabwera wapansi kudzera pamchenga masana, funsani woperekera zakudya ngati njirayo ikadalipo, chifukwa m'malo ena, monga pakati pa Nungwi ndi Kendwa, madzi akadzaza amafika mpaka kumatanthwe n'kutseka njira yonse. Zikatero dzerani kumsewu, muli awiri kapena atatu, tochi ya foni ili yoyaka.